Mphindi Khumi pa Mlatho

Kwathu ku Siquirres nthochi zimavala:
mkoko uliwonse m'thumba lake la pulasitiki yabuluu.
M'mamawa ndege yachikasu imadutsa chapansipansi,
kulavulira masamba nkhungu yonunkha,
amayi n'kuthamangira kukaanula zovala pachingwe.

Mayi Yorleny Brenes anafika mvula ili pakati,
jombo zolekeza m'maondo, tochi pachipumi.
Anthu anati ndi dokotala,
ndiye ndinawaonetsa bala langa la pachigongono.
Anaseka. “Odwala anga ali m'ngalandemo.”

Ntchito yawo inali kumvetsera.
Usiku, pa mlatho wa matabwa,
ankadina kabatani ka chojambulira mawu, chala pamlomo:
mphindi khumi osatsokomola,
ngakhale udzudzu ukuimbire m'khutu.
Kope lakale la aphunzitsi awo limati
mitundu khumi ndi inayi ya achule inkalira pomwepo
ine ndisanabadwe.
Ife tinamva isanu.
Tsiku lina itatu.
Tsiku lina madzi okha, ndi galu wakutali.

“Chule samwera pakamwa,” anandiuza,
atafumbata wina wa maso ofiira psuu.
“Amamwera pakhungu.
Chimene chili m'madzi, mawa chili mwa iye.”

Kenako mabotolo, khumi ndi awiri, pawindo la kalasi yathu.
Theka madzi a kasupe wa kuphiri,
theka madzi a ngalande ya kumunda,
ambululu asanu m'botolo lililonse.
Mlembi ndinali ine, pensulo yotafuna kumutu.
A madzi a kuphiri anamera miyendo, mchira n'kufota.
A madzi a kumunda ambiri anangoti tong'o pansi,
ena akusambira mozungulira ngati aledzera.
Mmodzi, wa mchira wokhota, ndinamutcha Pinto.
Lachinayi ndinamupeza chagada.

“Ndi ndege ija!” ndinakuwa.
“Mwina,” anatero Mayi Yorleny.
“Palinso nthenda ya pakhungu
imene ikupha achule kumapiri kumene ndege sifika.
Palinso madambo amene tinawakwirira.
Tsuka mabotolo, tiyambirenso.”
Ndinakwiya. Ndinatsuka.
Tinabwereza katatu,
madzi ena n'kuwatumiza ku labotale ku San José,
ndipo yankho linachedwa kuposa tchuthi.

Chimene sindinanene m'kalasi ndi ichi:
amene amadzaza thanki ya ndegeyo ndi bambo anga.
Zala zawo zimasupuka ngati mbatata yophika.
Nditawaonetsa kope langa anati,
“Achule sagula mpunga ndi nyemba, Dayana,”
n'kutembenukira kukhoma.

Pamsonkhano Mayi Yorleny sanatukwane munthu.
Anayala mapepala, anapempha zitatu:
mitengo ibzalidwe m'mbali mwa ngalande,
ndege isauluke mphepo ikamaombera kumadzi,
odzaza thanki apatsidwe magolovesi osang'ambika.
Bwana wa munda anati alembera kalata akuluakulu.
Magolovesi anabwera.
Zinazo tikudikirabe.

Loweruka lapitali, tili pa mlatho,
ndinamva mapazi kumbuyo kwanga.
Bambo, chipewa m'manja, akununkha sopo.
Chala pamlomo. Kabatani.
Mvula inali itangokata, masamba akudontha.
Mphindi zitatu. Zisanu ndi ziwiri.
Kenako, m'tchire la kutsidya,
ngwe.
Ngwe, ngwe,
ngati wina akukhoma msomali waung'ono pachitsulo.

Bambo anapirira mpaka mphindi khumi zitakwana.
“Kanyundo uyo,” ananong'ona.
“Tili ana ankatisowetsa tulo, anali ambirimbiri.
Nanga uja wolira ngati mwana wa ng'ombe ali kuti?”
Mayi Yorleny anatsegula kope lakale lija,
anaunika ndi tochi, chala chikutsika mzere ndi mzere.
“Munamumva komaliza chaka chiti, Don Eliécer?”

Bambo anayamba kuwerenga pa zala zosupuka zija.
Ine ndinanyowetsa pensulo ndi lilime.